Funsani Malume: za gondolosi, zomwe amachita m'thupi ndi kadzalidwe kake

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook akungozungulira pa chinthu chimodzi, gondolosi. Ena mukulemba kuti mukufunsira mnzanu wa kuntchito, chabwino tamva, mayina sindilemba olo limodzi. Ndasankhapo angapo ndipo ena ndawadula pang'ono chifukwa anali aatali zedi.

FUNSO: Malume, ine ndi bambo wa zaka 47, ndimayendetsa minibasi. Chaka chikukwana tsopano zinthu sizikuyenda kuchipinda, pena zimayamba bwinobwino kenako n'kuzima panjira, madamu sakulankhula kanthu koma nkhope ndimaiona. Anzanga pa siteji akuti ndizitafuna gondolosi tsiku ndi tsiku, ndayamba ndithu ndimagula kwa mnyamata wina pa depoti koma kusintha kwenikweni sindikukuona. Kodi amagwiradi ntchito kapena tikungodyetsedwa mitengo? Bambo wa ku Bangwe, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, gondolosi ndi mankhwala akalekale ndithu ndipo si ife Amalawi tokha timamutama. Ku Kenya amati mukombero, ku Uganda mulondo, Azulu amati umondi, ndipo konseko nkhani imene amatchuka nayo ndi yomweyi ya abambo kuchipinda. Asayansi amamulemba kuti Mondia whitei. Koma kutchuka pa siteji ndi zomwe anthu anayesa n'kupeza ndi zinthu ziwiri, nde tiyeni tione zomwe zilipo.

Mu 2008 Mmalawi mnzathu Fanuel Lampiao wa ku College of Medicine ku Blantyre, pamodzi ndi anzake a ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Anatenga madzi a mizu ya gondolosi n'kusakaniza ndi umuna wa anthu mu labu, ndipo anaona kuti mbewu zija zikusambira mwachangu kuposa zomwe sanazithire kanthu. Nkhani yabwino imeneyo, koma taonani, zinachitikira m'kabotolo osati m'thupi la munthu amene watafuna muzu pa depoti, komanso kusambira kwa mbewu ndi nkhani ya kubereka, si ya vuto mwafotokozali. Ku Cameroon gulu la Pierre Watcho linayesa pa makoswe aamuna. Atawapatsa kwa masiku ochepa mahomoni achimuna aja amati testosterone anakwera, ndipo pa kafukufuku wina makoswewo anaonetsa changu pa aakazi. Koma atawamwetsa wambiri tsiku ndi tsiku kwa pafupifupi miyezi iwiri, kapangidwe ka mbewu kanasokonekera, mphamvu yobereketsa inatsika, mwayi wake zinabwerera m'malo atasiya kuwamwetsa. Mnyamata wa pa depoti sangakuuzeni izi, si kuti akubisa ayi, sanazimvepo. Inu si khoswe, ndikudziwa, komabe uphungu woti muzidya tsiku ndi tsiku ngati nsima ine sindikugwirizana nawo, makamaka kwa amene akufunabe mwana. Kachidutswa kamodzi apo ndi apo kwa munthu wamkulu wabwinobwino sindikuonapo chovuta.

Tsopano chimene chandigwira mtima m'kalata yanu si gondolosi, ndi zaka 47 ndi chaka chathunthu mwatchulacho. Munthu wokhala pa chiwongolero kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku, chakudya chake tchipisi ndi zakumwa zotsekemera za pa siteji, woyamba kumukayikira ndi BP ndi shuga. Mitsempha ya magazi yopita kumalo obisika ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, nde ikayamba kuthina kapena kuonongeka vuto limayamba kuonekera kumeneko, nthawi zina zaka zingapo mtima usanayambe kudandaula. Abambo ambiri anadziwira pamenepa kuti ali ndi shuga. Choncho sabata ino ikani minibasi pambali kwa maola awiri, pitani kuchipatala cha kwanuko akakuyezeni BP ndi shuga, ndipo mukawauze zenizeni zomwe mwabwerera, osati kuyamba za msana. Ngati mukumwa kale mankhwala a BP monga HCT kapena propranolol nenaninso, ena mwa mankhwala amenewa amafooketsa abambo ena ndipo adokotala akhoza kukusinthirani, koma osasiya nokha chonde. Fodya ngati mumasuta ndi mdani wamkulu pa nkhaniyi, mowa wambirinso chimodzimodzi. Ndipo madamuwo alankhuleni, mwina iwo akuganiza kuti muli ndi wina kumbali, ndipo inunso mantha oti kodi lero zitheka aja paokha ndi okwana kuzimitsa moto.

FUNSO: Malume ndithandizeni. Amuna anga anagula ufa wina wa m'kapaketi kopanda dzina la kampani, wogulitsayo anati ndi gondolosi wosakaniza ndi mitengo ina yamphamvu. Akathira mu tiyi pakangotha ngati ola mutu umawapweteka, nkhope kutentha, mphuno kutsekeka, tsiku lina anachita chizungulire mpaka kukhala pansi kubafa. Iwo akuti ndiye kuti mankhwalawo ndi enieni. Komatu ali ndi vuto la mtima amamwa mapilitsi a kuchipatala. Nditani? Mayi wodandaula, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, paketiyo ichotseni pamene amaisunga lero lomwe, koma musataye, muifuna. Zomwe mwalembazi, mutu, nkhope kutentha, mphuno kutsekeka patangotha ola, si khalidwe la muzu wa gondolosi. Ndi zizindikiro zodziwika bwino za sildenafil, mankhwala amene ali mu Viagra. Ndi labu yokha imene ingatsimikize zomwe zili m'paketimo, koma chinyengo chopera mapilitsi amenewa n'kusakaniza mu ufa wa zitsamba, mu uchi kapena mu zakumwa chilipo m'mayiko ambiri, chifukwa wogula akaona zagwira msanga amabweranso mawa ndi anzake. Mukumbukira mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Zambia chinaletsedwa atachipeza ndi sildenafil, chonsecho pa botolo sanalembe, anthu ankangoti ndi zitsamba zili m'menemo.

Kwa amuna anu ngozi yake ndi yaikulu kuposa kwa munthu wina aliyense. Ngati pa mapilitsi awo a mtima pali a gulu la nitrate, monga isosorbide dinitrate kapena kapilitsi koika pansi pa lilime chifuwa chikamapweteka kaja, kuphatikiza ndi sildenafil kumagwetsa BP mwadzidzidzi, munthu amatha kukomoka olo kufa kumene. Chizungulire cha kubafa chija linali chenjezo. Pitani nawo kwa adokotala awo mutanyamula paketiyo ndi mapilitsi onse amene amamwa, ndipo nkhaniyi ikhozanso kukatulidwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Akakana kupita, aonetseni tsamba lino, anditukwane ine bola apite.

Kwa ena nonse, ngati mukufuna gondolosi gulani muzu wathunthu woti muuone ndi maso. Weniweni ukamukanda ndi chikhadabo amatulutsa kafungo kabwino ka vanila, ndipo si mwangozi, mankhwala amene amanunkhirawo ndi apachibale ndi amene ali mu vanila. Ukatafuna khungwa lake amayamba ndi kuwawira pang'ono kenako kutsekemera kumabwera pambuyo n'kukhalitsa m'kamwa, moti ukamwa madzi ozizira madziwo amamveka otsekemera. Zokoma zili m'khungwamo, kamtengo ka pakati timangolavula. Ufa wa m'jumbo wopanda dzina palibe njira yodziwira kuti muli chiyani. Mabotolo aja amaviika mizu mu kachasu nawonso, chimene mumamva kutentha m'thupi ndi kachasuyo, ndipo iye ndi uja amapatsa chilakolako n'kulanda mphamvu.

FUNSO: Apongozi anga akuti ndizimwa madzi a gondolosi kuti mkaka uchuluke, mwana ali ndi miyezi 3, komanso akuti wamkulu wa zaka 4 amene sakonda kudya ndizimupatsa. Ndi bwino? Mayi wa ku Mponela.

YANKHO: Apongozi sanapeke, m'madera ambiri mu Africa muno gondolosi amagwiritsidwadi ntchito pobweza chilakolako cha chakudya, pa m'mimba mopotokola ndi modzimbidwa, ndipo ku Kenya ena amapatsa amayi oyamwitsa. Koma kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono ine ndimati ayi, sanayesedwe mokwanira pa anthu amenewa ndipo chimene mwamwa inu china chimadutsa mu mkaka. Mkaka umachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, atagwira bere bwino, inu mukudya ndi kumwa mokwana. Wa zaka 4 uyo mupite naye kusikelo akamuone ngati si njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi kapena malungo. Apongoziwo auzeni mwaulemu kuti anamwino akaniza, zimapepuka kuposa kunena kuti mwakana ndinu.

FUNSO: Malume ine ndi mlimi, nthochi zanga zinatha ndi matenda a chisaka ndipo ndili ndi malo m'mbali mwa kamtsinje amene akungokhala. Kale gondolosi tinkamupeza pafupi pompano koma pano anyamata akuyenda mtunda wautali osamupeza. Kodi amadzalika pakhomo? Nanga ndiyambire pati, ndipo muli ndalama? Mlimi wa ku Thyolo.

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi limene landisangalatsa kuposa onse, chifukwa otafuna ndife ambiri koma wodzala ndi wosowa. Amadzalika, ndipo kwanuko kumene mvula imagwa bwino ndi malo ake enieni.

Kusowa mwakuonako chifukwa chake chili m'mizu momwemo. Mizu ya gondolosi siilowa pansi kwambiri, imayenda cham'mwamba n'kufalikira patali, nde wokumba akapeza umodzi amangoutsata ndi khasu mpaka kuzula yonse, tsinde n'kutsala lende pamtengo likuuma. Therere ukathyola limaphukanso, koma chomera chimene tikuchifuna mizu ukakolola mwadyera wachipha basi, ndipo nthawi zambiri chimafa chisanabale n'komwe. Onjezani nkhalango zimene zikutha ndi makala. Ku South Africa analowa kale pa mndandanda wa zomera zomwe zili pangozi yotheratu kutchire.

Poti ambiri a m'tauni timangodziwa timitolo ta mizu tomanga ndi mphira, ndifotokoze kaye maonekedwe ake ali moyo. Ndi chomera choyanga, chimazungulira mtengo n'kukwera mamita angapo kufuna dzuwa. Masamba ake ndi aakulu, otambalala, ooneka mwa mtima, amakhala awiriawiri moyang'anizana, ndipo pamfundo pamene atulukira pamakhala kamkombero ka timano timano kozungulira tsinde, chimenechi ndi chizindikiro chabwino kwambiri chomudziwira. Ukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera. Maluwa amabwera nyengo ya mvula, ang'onoang'ono m'magulu, obiriwira mwachikasu kunja, m'kati ofiirira moderapo, ndipo musayembekezere kuti anunkhira ngati mizu, fungo lake ndi losasangalatsa ndipo amakopa ntchentche. Zipatso zimakhala ziwiriziwiri zolumikizana pa tsinde ngati nyanga za ng'ombe, zazifupi zonenepa, zikakhwima zimang'ambika n'kutulutsa mbewu zopyapyala zokhala ndi ubweya woyera, mphepo n'kuziulutsa.

Apa ndi pamene pali ntchito yoyamba, kupeza mbewu mphepo isanakuberani. Muziyendera chomera chimene chabala mvula ikatha, chipatso chikayamba kusintha mtundu kapena kuonetsa kamng'alu thyolani, ikani m'thumba la pepala kapena m'kasaka pamthunzi chikang'ambikire momwemo. Chotsani ubweya uja ndi manja ndipo musasunge mbewu nthawi yaitali, yatsopano ndi imene imamera bwino. Ngati chomeracho chili m'nkhalango ya boma yambani mwapita ku ofesi ya zankhalango kukapempha chilolezo, lamulo la Forestry Act la 1997 limaletsa kutenga zinthu m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndipo atalikonzanso mu 2020 zilango zinakula. Ena amadzala zodula za tsinde, zimatheka, koma mbewu ndiyo njira yosavuta komanso siipweteka chomera cha kutchire.

Nazale yake ndi yomweyi mumapangira mitengo ina. M'machubu ikani dothi lakuda la pansi pa mitengo magawo awiri, mchenga gawo limodzi, manyowa owolerana bwino gawo limodzi. Mbewu igonekeni pamwamba n'kuwaza kadothi kochepa, mukaikwirira mozama siituluka. Ikani pa shedi ya udzu, thirirani ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono kuti dothi likhale lachinyezi osati matope, pakatha masabata awiri kapena atatu muyamba kuona timasamba. Mbande zikangoyamba kutulutsa kansonga kofuna pogwira zizikeni timitengo, apo ayi zimakolana zokhazokha ndipo tsiku lookera mudzathyola zambiri pomasula. Mukafesa mu Ogasiti kapena Seputembala ndiye kuti mvula ikakhazikika mu Disembala zakonzeka.

Kumunda kumbani mayenje a masentimita 45 mbali zonse, motalikana mamita awiri, sakanizani dothi la pamwamba ndi ndowa ya manyowa. Malo a m'mbali mwa mtsinje ndi abwino koma pasakhale podikha madzi, mizu imaola. Iye amakonda mapazi pamthunzi mutu padzuwa, monga amakhalira m'mphepete mwa nkhalango. Poyanga ndi pofunika kuyambira tsiku loyamba. Mukhoza kuzika mapolo n'kukoka waya monga achitira olima magalagadeya, koma mapolo chiswe chimadya ndipo waya pano ndi wodula, ine ndimakonda mitengo yamoyo monga gilisidiya, mumangozika nthambi n'kuphuka, muziidulira kuti mthunzi usachuluke, masamba ake n'kukhala manyowa pomwepo. Musamuyangitse pa mango, mapeyala kapena malalanje amene mukudalira zipatso, akakula amaphimba mtengo wonse.

Kusamala kwake si kwambiri koma pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu. Choyamba khasu. Popeza mizu ili pamwamba, kupalira mozama ndi kudula chuma chomwe mukulima, nde phimbirani ndi udzu wouma kapena masangwi a nthochi ndipo udzu womera pafupi zulani ndi manja. Chachiwiri mbuzi, masambawa zimawakonda koopsa, popanda mpanda mwadzalira mbuzi za aneba. Chaka choyamba muzithirira m'chilimwe. Nyengo yozizira ndi yowuma akayoyola masamba musadandaule kuti wafa, amaphukanso kukayamba kutentha.

Kukolola dikirani zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo apa ndi pamene mlimi asiyane ndi wokumba wa kutchire. Fukulani mbali imodzi yokha, dulani mizu yam'mbali yonenepa ndi mpeni wakuthwa patali pang'ono ndi tsinde, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu yonse, bwezerani dothi ndi manyowa n'kuthirira. Chaka chinacho mudzafukule mbali inayo. Mukatero chomera chimodzi chikudyetsani zaka zambiri. Mizu itsukeni, iduleni m'zidutswa, yanikani pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, padzuwa lamphamvu fungo limathawa. Osaika m'jumbo isanaumitsitse, imachita chuku, ndipo muzu wachuku ndi wotaya osati wogulitsa motchipa. Siyani zomera zingapo zosakumba n'komwe kuti zizikupatsani mbewu. Masamba nawonso si otaya, ku Congo ndi ku Angola anthu amaphika ndiwo n'kutendera.

Za ndalama ndinene mosabisa. Msika ulipo, onani kuchuluka kwa mavenda m'madepoti ndi pakhomo pa mabala, ndipo ku Kenya mabungwe a kafukufuku a ICIPE ndi KEFRI anathandiza alimi ozungulira nkhalango ya Kakamega kulima mukombero m'minda mwawo n'kumapanga ufa wopakidwa bwino, m'malo momakumba m'nkhalango. Koma ndi ndalama ya mochedwa, zaka zitatu mukudikira, komanso mukupikisana ndi munthu amene wakumba ulere kutchire. Nde musazule chimanga. Yambani ndi mbande 20 kapena 30 m'mbali mwa mpanda ndi mwa kamtsinjeko, muone momwe zikuchitira pa dothi lanu. Mwinanso ndalama yoyamba idzachokera ku mbande, chifukwa aneba akadzaona akuyanga adzafuna awo.

FUNSO: Malume ndinamva kuti mbewu za gondolosi zimakhala ndi ubweya. Kutchire kwathu kuno ndapeza chomera choyanga cha zipatso ziwiriziwiri zazitali kuposa lula ya kusukulu, m'kati muli mbewu zambirimbiri, ubweya wake uli kunsonga kwa kandodo kakatali. Ndatola zambiri ndikufuna kufesa, mnzanga akuti tilawe kaye timve ngati zikutsekemera. Ndi yemweyo? Mnyamata wa ku Chikwawa.

YANKHO: Mphwanga usalawe, ndipo mnzakoyo umuuze lero. Momwe wafotokozeramu, zipatso zazitali choncho, ubweya wokhala kunsonga kwa kandodo, komanso kuchigwa kotentha kwanuko, chimene watolacho chikufanana kwambiri ndi kombe. Gondolosi zipatso zake ndi zazifupi, kutalika kwake sikufika olo theka la lulayo, ndipo ubweya umamera pa mbewu penipeni popanda kandodo. Awiriwa ndi a banja limodzi la zomera, n'chifukwa chake zipatso zimafananako, koma kombe ndi poizoni wa mtima. Maluwa ake ukawaona sungasokoneze, nsonga zake zimalendewera ngati tizingwe tatitali.

Makolo a Chimang'anja ankasinja mbewu za kombe n'kupaka kumivi posaka nyama zikuluzikulu. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi ndi Shire wa 1858 mpaka 1864, anasunga kombe m'thumba momwe munali mswachi wake, m'mawa potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa ndipo anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Tangoganiza, kafumbi chabe ka pa mswachi. Kuchokera pamenepo asayansi a ku Ulaya anapangamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo mbewu zake zinkagulidwa kuno nthawi ya Nyasaland n'kumatumizidwa kunja. Koma amenewo anali mankhwala oyezedwa ndi madokotala timadontho, osati otafuna pansi pa mtengo.

Mbewu watolazo zichotse pofikira ana ndi nkhuku, samba m'manja ndi sopo makamaka ngati uli ndi bala. Ukafuna kutsimikiza tenga nthambi ya masamba ndi chipatso chimodzi upite nazo kwa alangizi a zankhalango, kapena ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, kuzindikira zomera ndi ntchito yawo. Ndipo wina akadya mwangozi n'kuyamba kusanza, chizungulire kapena mtima kugunda modabwitsa, thamangirani kuchipatala mutatenga mbewuzo, osataya nthawi ndi kumumwetsa mkaka. Gondolosi kwanuko angafune malo a mthunzi ndi madzi odalirika, pa dothi louma la dzuwa la ku Chikwawa avutika, mbewu yeniyeni ukaifune kumtunda.

FUNSO: A Malume moni kuchokera ku Joni. Kuno ndi Amalawi anzanga timamusowa gondolosi wa kumudzi, ndimafuna mchimwene wanga azinditumizira pa basi matumba angapo ndizigulitsa, mwinanso mbande ndidzale kuseri kwa nyumba. Zingatheke? Wanu ku Johannesburg.

YANKHO: Zikomo achimwene, moni kwa onse kumeneko. Choyamba, chomeracho kumeneko chiliko, kungoti mukafunsa gondolosi akuyang'anani. Pa msika wa zitsamba wa Faraday mu Johannesburg momwemo kapena wa Warwick ku Durban funsani umondi, mukande n'kununkhiza monga ndafotokozera pamwambapa. Azulu amatafuna akafuna kubweza chilakolako cha chakudya ndi kukhazika m'mimba. Kungoti poti kumeneko ndi chomera chomwe chatsala pang'ono kutha kutchire, mtengo wake ukhoza kukudabwitsani.

Za matumba pa basi ndikuletsani pa zifukwa ziwiri. Katundu wa zomera, kaya mizu, mbewu kapena mbande, podutsa malire amafuna mapepala, chilolezo cha dziko lomwe akulowa ndi satifiketi ya a zaulimi kuno yoti alibe matenda. Basi yochokera ku Blantyre imadutsa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, paliponse pamenepo akhoza kulanda, ndipo wovutika adzakhala kondakitala kapena mchimwene wanuyo. Mbande zokhala ndi dothi ndiye zovutiratu. Chifukwa chachiwiri, matumba angapo mwezi ndi mwezi ndi mizu yochuluka zedi ndipo yonseyo ichokera kutchire kumene alimi ngati a ku Thyolo aja akudandaula kuti kwatha. Ngati bizinesiyo mukuifunadi, tumizani ndalama kumudzi mchimwene wanu agule machubu ndi manyowa adzale pamunda wa kwanu, pofika nthawi yokolola mudzakhala mutafufuza za mapepala. Zodzala kuseri kwa nyumba, funsani ku manazale ogulitsa zomera zachilengedwe za komweko, koma dziwani kuti chisanu cha mu Juni ndi Julayi cha ku Joni chimawaula masamba ake, iye amakondwa kotentha ndi konyowa ngati ku Durban. Mukamudzala mu chidebe chachikulu pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, n'kumamuphimba ndi saka usiku wa chisanu, akhoza kupirira.